Maliro Amene Sitinawamve

Bambo anga anabwera ku Honde, m'dziko la Zimbabwe, ali mnyamata, kuchokera ku Mulanje, ndipo anakalambira m'mizere ya tiyi. Ine ndinabadwira m'komboni ya pa esiteti, ndinaphunzira sukulu ya m'mudzi wapafupi wa Samanga. Dziko la Malawi sindinalionepo. Ndinkangolimva pa wailesi.

Wailesiyo inali yakuda, yomanga ndi mphira kuti mabatire asagwe. Waya wake tinaukweza mu mtengo wa bulugamu kuseri kwa nyumba. Dzuwa likapendeka mawu a kumudzi ankafika, akubwera ndi kuthawa ngati munthu woitana ali kutsidya kwa mtsinje. Zala za bambo zinali zitauma ndi kuthyola tiyi, choncho wopotokola kabatani ndinali ine. Ntchito imeneyi ndinkaikonda chifukwa inali yosafuna kulankhula.

Azibambo a m'komboni ankabwera kudzamvera mpira wa timu ya dziko, koma chachikulu chinali mauthenga a maliro. Wowerenga ankatchula dzina, mudzi, mfumu ndi boma, ife tili chete. Akatchula mbale wa wina mwa ife, tinkakhala maliro pompo, popanda mtembo. Amayi ankayala mphasa, amuna ankasonkha moto panja, a mpingo ankayamba nyimbo. Bambo ankati kupita kumudzi tinalephera kale, koma munthu azililidwa pa tsiku lake.

Mu 2008 tinamva kuti azakhali anga, mlongo wa bambo yekhayo amene anatsala, ali gone. Zoti bambo akawaone panalibe. Pasipoti analibe, ndipo malipiro a mwezi sankafikitsa munthu ngakhale ku Mutare. Chimene anatsala nacho ndi kumvera. M'masitolo a ku Hauna mabatire anali atasowa, ndiye akale aja tinkawayanika padenga masana, madzulo n'kuwagogoda ndi mwala. Mpira tinasiya. Wailesi inkayatsidwa pa nthawi ya mauthenga basi.

Inali nyengo yozizira, pakati pa mavoti awiri osankha pulezidenti a chaka chimenecho. Ife sitinkavota, zitupa zathu zinkati ndife alendo, ndipo ndinkaganiza kuti za mavotizo zitilambalala. Tsiku lina madzulo, ndili pakhonde ndikulowetsa mabatire, anafika anyamata a chipani ovala malaya ofanana. Ankalanda mawailesi ogwira masiteshoni akunja, amene ankati amawononga mitu ya anthu. Wotsogolera anali mnzanga wa kusukulu. M'timu yathu iye ankamwetsa zigoli, ine ndinali goloboyi, ndipo kangapo anadyapo mbatata pakhonde lomwelo.

Ndinathamanga kukatenga mipando. Ndinawapatsanso madzi osamba m'manja, ngakhale chakudya panalibe. Ndi mmene anatilerera.

"Mdala," anatero mnzanga uja m'Chishona, osakhala pansi, "waya uyu mukuwedza naye nsomba kumwamba?"

Anzake anaseka. Bambo anavula chipewa.

"Ayi mwananga, za ndale sitizidziwa. Iyi ndi ya maliro."

"Wailesi ya maliro? Imalira yokha?"

"Iwe," bambo ananditembenukira, "yatsa amve okha."

Bambo ankakhulupirira kuti munthu akamva maina a akufa amafewa mtima, chifukwa kwathu ndi mmene zilili. Inenso ndinakhulupirira. Ndinapotokola kabatani mosamala kuposa masiku onse, ndipo tsikulo mawu anafika oyera bwino. Wowerenga anali atayamba kale. Pofuna kuti alendowo asavutike, ndinayamba kumasulira: uyu wamwalira ku chipatala chakuti, maliro ali mawa m'mudzi wakuti, abale amene ali kutali adziwe.

Mnzanga uja anamvetsera pang'ono, kenako anakweza dzanja.

"Ndiye mafumu muli nawo? Midzi muli nayo? Nanga kuno mukufunanji, mabwidi inu?"

Mabwidi ndi dzina limene ankatinyozera nalo. Ndinali nditalimva kambirimbiri pamsewu, koma osati pakamwa pake.

"Achimwene," ndinatero motsitsa, "azakhali anga akudwala. Tikungodikira uthenga."

"Achimwene ako ndani? Zimitsa."

Ndinazimitsa wowerenga ali pakati pa dzina. Anandiuza kuti ndikwere mu mtengo ndimasule waya, ndinakwera. Ndinaukulunga bwinobwino monga ndinkachitira mvula ikamabwera. Anandiuzanso kuti ndinyamule ndekha mpaka kumsasa kwawo, ndipo ndinanyamula, ndikuyenda patsogolo pawo komboni yonse ikusuzumira pamawindo. Pobwerera mmodzi anati ndine mwana waulemu. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero kuposa dzina lija. Ulemu ndiwo chuma chokha chimene makolo athu anabwera nacho, ndipo anatiuza kuti udzatiteteza m'dziko la eni.

M'komboni munalinso mawailesi ena awiri, koma eni ake anawakwirira m'munda tsiku lomwelo. Palibe amene ankafuna kuonedwa pakhonde pathu. Bambo ankakhalabe pamalo awo dzuwa likapendeka, chipewa chili pabondo.

Mvula itayandikira, zinthu zitazizira pang'ono, kunabwera bambo wina wa m'tchalitchi mwathu amene ankadutsa ku Mozambique kukagula sopo ndi mafuta ophikira, ndipo ulendo umenewo anafika mpaka kumudzi. Tinakumana naye pampopi. Anagwira bambo dzanja ndi manja awiri.

"Pepani ndi zovuta zija, akulu. Ndinaona manda, anawaka bwino."

"Zovuta ziti?" anafunsa bambo.

Munthuyo anayang'ana ine, anayang'ana pansi, kenako anafotokoza. Azakhali anamwalira nyengo yozizira isanathe. Achibale analengeza pa wailesi kawiri, anatchula ngakhale bambo ndi esiteti yathu. Kumudziko anadandaula kuti mlongo wa malemuwo wa ku Zimbabwe anamva koma sanatumize ngakhale mawu.

Amayi anayala mphasa madzulo amenewo. Anabwera okalamba awiri, anakhala pang'ono, ananyamuka kusanade, chifukwa anthu ankaopabe kusonkhana. Nyimbo sinaimbidwe. M'mawa ndinapita kwa kapitawo kukawapemphera bambo tsiku limodzi. Ndinaima manja kumbuyo, ndinafotokoza zonse mwaulemu. Anandifunsa kuti maliro achitika liti, ndinanena zoona. Anaseka, n'kuti maliro a miyezi yapitayo si maliro, tiyi waphuka ndipo sadikira.

Nditabwerera, ndinapeza bambo atakhala pa chitsa, lumo lakale lili m'manja. Kumudzi achibale amameta maliro akatha, ndipo bambo okha ndi amene anatsala ndi tsitsi.

"Ndimete msanga," anatero. "Belu likulira."

Sopo tinalibe. Ndinanyowetsa mutu wawo ndi madzi ozizira n'kuyamba kumeta. Lumo linali lobuntha, linawacheka kuseri kwa khutu, koma sanagwedezeke. Nditamaliza anavala chipewa, anakoleka dengu kumsana, anatsikira kumunda.