Tsiku Limene Mayi Mbewe Anaphika Miyala

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow ndinaipeza chifukwa cha mpope wodontha. Amene anabwera kuno ndi ntchito ndi mkazi wanga, namwino. Ine ndinangotsatira ngati katundu, upulambala wanga wa ku Ndirande uli m'manja koma wopanda pepala lodziwika kuno. Ndinkangokhala pakhomo, kuphika ndi kuonerera mvula pawindo. Lamulungu lina mpope wa m'khitchini ya tchalitchi unayamba kudontha, ndiye ndinavula jekete n'kuukonza ndi sipanala yobwereka. Bambo wina wachisikoti amene ankatsuka makapu anandiyang'anitsitsa, kenako n'kufunsa ngati msana wanga uli wolimba. Anati mlamu wake ali ndi shopu ya nsomba ku Shawlands ndipo akufuna munthu.

Shopuyo sinali ya ndiwo ayi. Inali ya nsomba zoweta m'mathanki agalasi, zongoyang'ana, zina zamawangamawanga ngati zavala chitenje. Mwini wake anali a Kenny, munthu wamfupi wadazi, wolankhula Chingerezi cha kuno chothamanga chija, chimene masiku oyambawo ndinkangotolapo theka. Anandionetsa mmene madzi a m'nyanja yamchere amapangidwira. Madzi apampopi amayamba adutsa m'makina osefa, kenako umathiramo mchere wake wapadera, pampu n'kumatakasa mpaka usungunuke. Ukatero umatenga dontho limodzi, kuliika pakachipangizo kooneka ngati chitoliro, n'kusuzumira kukuwala kuti uone ngati mchere wakwana. Zotsalazo zinali kupala ndere pagalasi ndi maginito, kuyang'ana mahita otenthetsa madzi, ndi kusenza zigubu kupita nazo kwa makasitomala, m'nyumba zosanjikizana zopanda chikepe. Za msana zija bambo wa kutchalitchi uja sankanama.

Ine ndine wamantha, sindibisa, ndipo ntchito imeneyi inandipatsa zoopa zatsopano. Ndinkaopa mawaya amagetsi pafupi ndi madzi amchere. Ndinkaopa kuti galasi liphulika ndili chiweramire. Koma chimene chinkandiumitsa thupi chinali thanki ya kumbuyo, ya makorali. Makorali ndi tamoyo tomera pamiyala ya m'nyanja, tooneka ngati maluwa. Mtundu wina umayala pamwala ngati mabatani a jekete, abulauni, pakati pobiriwira. Sabata yoyamba a Kenny anandigwira mkono ndisanapise dzanja.

"Awa osawagwira chimanjamanja," anatero. "Magolovesi, ndi magalasi a m'maso. Ndipo mwala wochoka m'thanki usadzauthire madzi otentha. Nthunzi yake ingakuphe, ndipo poizoni wake alibe mankhwala."

Kuyambira tsikulo ndinkadutsa pathankiyo chammbali.

Munthu woyamba kumene kuweta nsomba akabwera, a Kenny ankamuuza zomwezomwezo mpaka ndinaziloweza. Thanki isakhale yaing'ono kwambiri, poti madzi ochepa sachedwa kusokonekera. Isakhalenso yaikulu mopambanitsa, poti pansi pa nyumba zakale za kuno ndi matabwa, ndipo madzi amalemera. Galasi likhale lokhuthala, guluu wa m'makona wosatumphuka, tebulo lake lomwe anapangira thankiyo, loyezedwa ndi levulo. Miyala yoika m'thankimo ikhale youma, yosakhalapo m'thanki ya munthu wina. Ndiye udikire milungu ingapo nsomba zisanalowe. Podikira apa ndi pamene anthu ambiri ankayamba kuyang'ana kukhomo.

Tsiku lina m'shopumo munalowa mayi Mbewe, amayi aakulu a kutchalitchi kwathu, ogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ukhondo wawo unkadziwika mumpingo monse. Kwawo nsapato zimatsala pakhomo, ndipo kapu imene wangoitsuka iwe, iwo amakaitsukanso. Amuna awo, bambo Mbewe, mkulu wa mpingo, anali atachita sitiroko. Mbali yakumanja inafooka, mawu ankatuluka movutikira, ndipo ankakhala tsiku lonse pampando m'nyumba yawo ku Dennistoun, pamwamba penipeni. Mayiwo anati kuchipatala kumene bambo amakachita mafizo kuli thanki ya nsomba, ndipo akafika pamenepo safuna kuchokapo. Ankafuna kuwaikira yawo pabalaza.

A Kenny anawaonetsa ina yapakatikati, n'kuwafotokozera zonse zija. Mayi Mbewe anayang'ana mtengo, anati akaganize kaye. Patapita milungu anandikoka pambali titaweruka kutchalitchi.

"Achimwene, ndaipeza thanki pa intaneti, mwini wake akusamuka. Mudzabwere Loweruka masana, mudzandilumikizire mapaipi."

Ndinavomera. Maganizo anga anali pagalasi ndi guluu, moti ndinanyamula levulo ndi tochi yoyang'anira ming'alu.

Loweruka linali lozizira, la kamvula kowaza. Ndikukwera masitepe ndinamva munthu akutsokomola pamwamba. Mayi Mbewe atatsekula chitseko, nthunzi inandimenya kumaso. Maso awo anali psuu, misozi ili chuchuchu.

"Lowani achimwene. Pepani, chimfine changondigwira mwadzidzidzi, ndi abambo anu omwe."

"Mukuphika chiyani, amayi?"

"Si zophika ayi, ndi miyala ya thanki ija. Munthu uja wandipatsa ili m'ndowa, yonyowa, ndiye poyang'ana muli nyongolotsi ndi tinthu tina toyendayenda. Ine ndiike zimenezo pafupi ndi munthu wodwala? Ndati ndiiwiritse kaye."

Aliyense wa kwathu akanatero. Chovala cha kaunjika timayamba tachinyika m'madzi otentha, bedi logula kwa munthu timalithira madzi owira m'makona monse kuti nsikidzi zife. Mayi Mbewe anachita zomwe amayi awo anawaphunzitsa.

Ndinalowa m'khitchini nsapato zili kuphazi, iwo osanenapo kanthu. Poto wawo wamkulu, uja amaphikira mpunga wa misonkhano ya mpingo, anali kubwata pamoto. Mawindo onse anali otseka chifukwa cha chisanu. M'sinki munali miyala ina yothiridwa kale madzi a m'ketulo, ndipo pamwala wapamwambawo panali mabatani aja, abulauni, atafota ngati bowa wofutsa. M'kamwa mwanga munayamba kuwawa ngati ndayamwa kiyi. Ndikunenetsa, chimene ndinkafuna chinali kutuluka n'kuthamanga osacheuka mpaka kusiteshoni.

Ndinagwira mpweya, kuzimitsa moto, kuvundikira poto ndi kukankha windo. Ndinaimbira a Kenny. Sanandilole kumaliza.

"Tulukani nonse, pompano. Imba 999, uwauze kuti mwala wa korali wawiritsidwa, poizoni wake ndi palitokisini. Osabwereranso m'nyumbamo."

Mayi amene anayankha foni ya ambulansi ankafunsa modekha, koma Chingerezi changa chinali chitathawa. Dzina la poizoniyo ndinalibwereza mpaka analimva. Anati aliyense apite panja pa mpweya wabwino, thandizo likubwera.

Bambo Mbewe anali pabalaza, chitseko cholowera kukhitchini chili chotsekula. Anali pampando wawo, bulangete pamiyendo, chifuwa chikulira ngati wezulo. Milomo inali itatuwa. Anandiyang'ana ndi maso aakulu, pakamwa pakuyenda koma osatuluka mawu. Njinga yawo ya olumala inali pakona, koma pamasitepe ozungulira aja inalibe ntchito.

Munthu ameneyu ndinali ndisanamukhudzepo kupatula kupatsana moni ndi manja awiri. Ndinagwada patsogolo pawo n'kuwapatsa msana.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikuberekani."

Dzanja lawo lamanzere linagwira kolala yanga, koma lakumanja linkangolendewera, ndipo thupi lonse linkapendekera mbali imeneyo. Nditayesa kudzuka anatsala pang'ono kugwa chagada. Mayi Mbewe, akutsokomola, anamasula chitenje m'chiuno mwawo, anachikulunga kumsana kwa amuna awo, n'kudzamanga mfundo pachifuwa panga. Anakoka mwamphamvu, mmene amamangira mwana paulendo wautali.

Masitepe a nyumba zimenezi ndi amiyala, odyeka pakati chifukwa cha kupondedwa, ndipo tsikulo anali onyowa ndi nsapato za anthu. Zigubu ndinali nditazolowera, koma chigubu chikagwa umangokolopa. Ndinkatsika chammbali, dzanja limodzi pachitsulo chogwirira, lina pansi pa ntchafu yawo. Chifuwa changa nachonso chinali chitayamba kuthina. Mayi anali patsogolo, akugogoda zitseko za anansi kuti atuluke. Ine khutu langa linali pa wezulo uja, pakhosi panga pomwepa. Ankalira, kusiya, kuliranso. Titafika chapakati anasiya, osayambiranso.

Ndinaima. Mutu wawo unalemera paphewa panga. Ndinaganiza kuti ndabereka maliro, kuti mkulu wa mpingo wafera pamsana panga atamangidwa ndi chitenje, ndipo ndine amene ndikauze mayi ali pansipa. Mantha amenewo sindinawamvepo chibadwire.

"Bambo," ndinawaitana. "Bambo Mbewe."

Ndinawagwedeza mmene umagwedezera mwana wolira. Anatsokomola, makhololo otentha n'kutsikira m'khosi mwa malaya anga. Sindinasangalalepo ndi makhololo a munthu ngati tsiku limenelo. Masitepe otsalawo sindikuwakumbukira.

Panja ndinawakhazika pakakhoma, mayi n'kuwafunditsa juzi yawo. Ambulansi inafika, kenako ozimitsa moto, amene analowa m'nyumba atavala zophimba thupi lonse ndi mabotolo a mpweya kumsana. Msewu anautseka ndi tepi. Anansi anaima patali ndi agalu awo, akutiyang'ana. Mayi Mbewe anafuna kubwerera kukatenga mankhwala a bambo, koma wozimitsa moto wina anawaletsa mwaulemu. Bambo anawaveka chophimba cha okosijeni asanawakweze n'komwe.

Kuchipatala anatilanda zovala n'kuziika m'majumbo. Ine ndinatentha thupi, ndinanjenjemera ngati wamalungo, koma m'mawa mwake ananditulutsa. Mkazi wanga anabwera kudzanditenga, ndipo njira yonse sanandikalipire, chimene chinandionetsa kuti nkhaniyi inali yaikulu. Mayi Mbewe anagonekedwa masiku angapo. Bambo anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Dokotala ananena zomwe a Kenny ananena zija, kuti mankhwala ochotsa poizoniyo kulibe, iwo angathandize mapapo basi, kwinako n'kudikira. Foni yanga ikalira, ndinkaithamangira. Kuntchito ndinkasakaniza mchere, kuiwala, n'kuyambiranso. A Kenny ankangondichotsa chigubu m'manja n'kundipatsa tiyi.

Mayi atatuluka ndinawapeza pabenchi panja pa chipinda cha bambo. Ndinakhala pambali pawo. Ankapinda ndi kutambasula kampango.

"Achimwene, ine ndimati ndikuwateteza," anatero. "Chiwadwalire, ngakhale chilonda cha pabedi alibe. Ndimawasambitsa ndekha, ndimawatembenuza ndekha. Ndiye ndiwaphe ndi ketulo?"

Ndinangoti tiyeni tipemphere, koma pemphero lakelo linangothera pa "Ambuye".

Bambo Mbewe anatuluka m'chipatala ndi moyo, koma mapapo awo sanabwerere mwakale. Thanki ija inatayidwa ndi miyala yake yomwe, ndipo mayi sanafunenso kumva za ina.

Ndidakali pashopu yomweyo, ndipo tsopano oyamba kumene ndimawalandira ndine. Za galasi, guluu ndi levulo ndimawauza, poti n'zoona. Koma ndisanafike kumeneko ndimawafunsa kuti akagula chinthu chakale, amayamba atani nacho. Waulesi sandidetsa nkhawa kwenikweni, iyeyo amangopha nsomba zake. Amene amayankha monyadira kuti "ndimachitsuka bwinobwino" ndi amene ndimamukhazika pansi. Ndimapita naye kuthanki ya kumbuyo, kumuonetsa mabatani aja, n'kumuuza kuti thanki yoyamba ayambe ndi miyala youma, ndipo wina akadzamupatsa mwala wonyowa, ngakhale waulere, ausiye m'madzi ake ozizira n'kundiimbira. Akakhala wa kwathu ndimabwereza m'Chichewa, ndipo ndimatchula ketulo ndi nsikidzi zomwe.

Ena amaseka, amati ndikuwaopseza ndi timaluwa. Ine sindiseka nawo, chifukwa mapemphero a pamlaga akafika kwa a Mbewe ndimakhalapo. Sitiroko inawalanda bambo mawu olankhula koma inali itawasiyira nyimbo, moti ankaimba besi yomveka mpaka pamasitepe. Masiku ano amayamba bwinobwino, koma mpweya umawathera pakati pa mzere. Mayi Mbewe ndiwo amamalizitsa, maso ali pansi.