Tepi Imene Merv Anamata

Inu amene mwatopa, imani kaye ndikuuzeni za Dulcie Trezise wa kuno ku Leonora. Sindikometsera nkhani, ndilibe nthawi imeneyo.

Mwamuna wake Merv atamwalira ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, anamusiyira kalavani yodontha yomwe ankakhalamo, kamalo kamiyala komwe ankasakako golide, ndi makina akale osakira golideyo. Basi. Amene analira mokweza pamaliro ndi omwewo anayamba kufunsa za kamaloko nkhata zisanafote n'komwe. Inenso ndinaika mwamuna m'manda, mtundu wa anthu umenewu ndimaudziwa.

Mlamu wake Clarrie ankabwera Lamlungu lililonse, n'kudya masikono ake, n'kumamuuza kuti kuthengo si kwa mzimayi. Mwana wamkazi wa Dulcie ankaimba foni kuchokera ku Perth kuti wamukonzera kachipinda kuseri kwa galaja. Dulcie anatopa nawo. Anawauza kuti chilimwe chikafika asanapeze kanthu, kamaloko apereka kwa Clarrie, iye akwera sitima kupita kwa mwana wakeyo.

Makina osakira golide akakhala bwino amangong'ung'udza chapansipansi m'makutu, n'kulira pokhapokha mbale ya kunsi kwa ndodo yake ikadutsa pamwamba pa chitsulo. Ake a Dulcie ankalira paliponse ngati mphaka wopondedwa mchira. Dothi lathu lofiirali ladzaza chitsulo, ndiye makina osachunidwa amakuwira dothi lenilenilo. Dulcie ankakumba pomwe alira, n'kutulutsa mwala wakuda wachabechabe. Mawa chimodzimodzi. Matuza anatuluka m'manja, anaphulika, anatulukanso. Ku bala anamupatsa dzina loti Mayi Miyala.

Pa makinawo panali batani lopotokola, lochunira makina kuti amvane ndi dothi. Merv analimata ndi tepi yakuda kuti lisasunthe, ndipo chala chake chamafuta chinadinda pa tepiyo. Dulcie sankalikhudza. Ankati pomwe lilipo ndi pomwe dzanja la mwamuna wake linalisiya.

Tsiku lina Clarrie anamupeza kuthengo ali pakati pa mulu wa miyala.

"Alamu, mukufuna kumanga nyumba kapena?" anatero akuseka. "Makinawo alibe vuto, Merv ankapeza nawo. Vuto ndi amene wawanyamula."

Clarrie atapita, Dulcie anavula mphete yake yaukwati, ya golide amene Merv anakumba yekha. Anaikwirira pansi pang'ono, n'kudutsitsa mbale pamwamba. Phokoso lokhalokha. Pa mphete ndi pambali pa mphete, zonse zofanana. Ndiye kuti akanatha kuponda golide tsiku lililonse osadziwa.

Apa m'pamene anakumbukira. Miyezi yomaliza Merv sankatha kukwera chitunda chofiira chomwe Dulcie ankasakapo tsopano, mpweya unkamuthera. Ankangosaka kumunsi, pamchenga woyera wa m'mbali mwa dambo la mchere. Batanilo analimata atachunira dothi lina.

Anakhala pansi, ntchentche zili waa kumaso, analira mpaka kukwanira. Kenako anati, "Pepani bambo. Inu mwagona, ine ndikufuna kudya." N'kumatula tepi.

Musaganize kuti golide anangotulukira pompo. Nkhani zabodza zimenezo ndimadana nazo. Anachita zomwe ankaona mwamuna wake akuchita: pamalo popanda chitsulo, kukweza mbale, kuitsitsa, kukweza, kutsitsa, uku akupotokola batani pang'onopang'ono. Akapitirira, makina ankalira potsitsa. Akabweza kwambiri, ankalira pokweza. Penapake pakati phokoso linafa. Atadutsitsanso mbale pa mphete ija, inayankha ndi kamawu koyera.

Kenako anaphunzira movutikira kuti kuchuna si kwa tsiku limodzi. Dothi likasintha mtundu, ankaima n'kuchunanso. Pamiyala yakuda ankachepetsa mphamvu ya makina n'kumayenda ngati wodwala. Mvula ikanyowetsa mchere wa kudambo, ankachokako, chifukwa kumeneko makina amachita misala. Anakumbabe misomali, zipolopolo, zitini za anthu akale a migodi. Dzuwa linayamba kuwawa. Mwana wake anali atagula kale tikiti.

M'mawa wina, pachitunda chomwe anachipondaponda miyezi yonse ija, pafupi ndi dzenje lake lakale, anamva kamawu kofooka konga ka mphete kaja. Kale kakanamira m'phokoso. Anakumba mpaka mkono kulowa kufika m'chigongono. Kanali kachidutswa ka golide ngati nsonga ya chala, koma kolemera m'manja. Masiku otsatira anapeza tizidutswa tina pafupi pomwepo.

Sanalemere, ayi. Anakonza denga la kalavani, tikiti anaibweza. Lamlungu Clarrie atabwerera masikono, anapeza pambale ya masikono pali golide.

"Munanena zoona alamu, vuto linali amene wawanyamula," anatero Dulcie. "Wachira tsopano. Imwani tiyi wanuyo, muzipita."

Tepi ija sanaitaye. Ili m'chitini cha tiyi, chala cha Merv chidakalipo.

Ndiye inu amene mwakakamira pomwe wina anakusiyirani zinthu, mukuopa kukhudza, mukukumba miyala n'kumadziyesa opanda nzeru, ndimvereni. Mwina si inu. Mwina dothi ndi lomwe lasintha. Akufa anu akondeni, koma tepiyo matulani, muchune molingana ndi pomwe mwaima lero. Osataya mtima. Amene akudikira kuti mugonjewo, asiyeni adikire mpaka tiyi wawo azizire.