Kalasi ya Mwana Wanga Pansi pa Mango

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale anzanga amene timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi.

Sukulu ndinayamba ndevu zitayamba kale kumera. Anzanga akuphunzira, ine ndinali kubusa ndi ng'ombe za amalume ku Kaseye. Choncho Chingerezi ndinachipeza movutikira, mkwapulo uli pamsana, ndipo ndinkachisamala ngati malaya a Lamulungu.

Zipani zitachuluka, zinthu zambiri zinamasuka, ndi pakamwa pomwe. Anyamata a pa Boma anayamba Chingerezi chimene ine sindinkachidziwa. Mawu ankawadula pakati, ena kuwatola m'nyumba za vidiyo, za dzulo kuzinena ngati zikuchitika lero, n'kuthiramo Chitumbuka ndi Chiswahili cha kumalire. Ndikachimva pa wailesi ndinkatseka. Mkazi wanga ankati, "Kodi Chingerezicho anakusiyirani ndi amalume anu kuti muzichilirira chonchi?"

Nthawi yomweyo sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Ana anasefukira, aphunzitsi anachepa, ndipo boma linayamba kutenga achinyamata omaliza sekondale kuti athandize. Mwana wanga wamkazi womaliza anali mmodzi wa iwo. Anamupatsa kalasi pansi pa mtengo wa mango, ana ochuluka kuposa mthunzi wake. Bolodi ankalisunga kwathu, popeza kusukulu kunalibe poliika.

Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndinaima kuti ndimumvere. Ndinkafuna kunyadira. Koma chimene chinkatuluka m'kamwa mwake chinali Chingerezi chomwechija cha pa Boma. Ndinatsamiritsa njinga, ndinadutsa pakati pa ana, ndinatenga choko m'dzanja lake n'kukonza zimene analemba. Kenako ndinamuuza kuti abwereze pambuyo panga. Anabwereza, ana akuseka.

Atafika kunyumba anatembenuzira bolodi kukhoma. Mawa lake sanapite. Mkuja wakenso sanapite.

"Adada, pitani ndinu," anatero nditamufunsa. "Ana akudikira mwini wake wa Chingerezi."

Anatero osadzutsa mutu, akusenda chinangwa. Kuwerama kumeneko ndinkakudziwa. Pamene ndinkaphunzira, aphunzitsi anandiika kuyang'anira kalasi chifukwa ndinali wamkulu pa onse. Anandipatsa chigoba cha nkhono chomangidwa pa chingwe, kuti ndizimuveka m'khosi aliyense woyankhula chiyankhulo chathu cha Chilambya kapena wophwanya Chingerezi. Wopezeka nacho poweruka ankakwapulidwa. Mng'ono wanga weniweni tinali kalasi imodzi, ndipo ndinkamuveka kawirikawiri kuti anthu asati ndikukondera. Anayamba kukhala chete m'kalasi, kenako anasiya sukulu, n'kupita ku Tanzania kukathyola tiyi. Anamwalira komweko. Makolo athu ankati anali waulesi, ine sindinawatsutse.

Tsiku lachitatu dzuwa litapendeka, kagulu ka ana kanafika pabwalo pathu, mapazi oyera ndi fumbi. Ankafuna aphunzitsi awo. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanandiona pakhonde, kanaima chilili n'kundilonjera m'Chingerezi. Kanalakwitsa pafupifupi mawu onse. Kanandifunsanso ngati amadamu akudwala, ndipo apo kanathiramo ndi Chilambya pamene Chingerezi chinakathera. Anzake anakakonza, onse nthawi imodzi, nawonso molakwitsa, n'kuyamba kukangana akuseka.

M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo mwana akuyankhula Chingerezi wopanda mantha. Ife tinkachiyankhula maso ali pa dzanja la mphunzitsi. Awa ankachiponyerana ngati mpira wa mapepala. Chinali chokhota, inde, ndipo mpaka lero m'makutu mwanga chimakanda. Koma chokhota chimawongoka ngati mwini wake akadayankhulabe.

Mwana wanga sanatuluke. Anawauza pawindo kuti azipita kusanade.

M'mawa mwake ndinadzuka iye akusesa. Ndinatenga bolodi lija n'kuyamba kulimangirira pa njinga ndi linya.

"Adada, mukupita nalo kuti?"

"Ndikukakusiyira ku mango. Sindikakhala."

"Nanga mukadzamvanso ndalakwitsa?"

"Ndidzakuuza kuno kunyumba, ukandifunsa."

"Ndikapanda kufunsa?"

"Ndidzakauza mbuzi."

Amayi ake anaseka ali kukhitchini. Iye sanaseke, koma anaika tsache pansi n'kulowa m'nyumba. Sindinadikire. Ndinakankha njinga m'kanjira ka pakati pa chimanga, mame akundinyowetsa buluku. Nditafika pa mlatho wa mitengo ndinamva mapazi a mwana wanga kumbuyo, koma sindinatembenuke.

Ana anali atasonkhana kale. Ndinatsamiritsa bolodi pa thunthu la mango, ndinaika mwala pansi pake kuti lisaterereke, ndinakwera njinga n'kupalasa kupita kudimba, kutali kumene mawu a m'kalasi safika.