Kachitsulo Kamene Mlamu Wanga Anatola M'ngalande

Mlamu wanga ndi wosesa misewu. Anakwatira mlongo wanga wamng'ono, ndipo ndamudziwa kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Ine ndinali womanga nyumba, ndinasiya msana utayamba kukana. Ndikulemba zimene ndinaona ndi maso angawa. Pamene sindinalipo ndinena kuti ndinachita kumva.

Anthu a mumsewu wathu amamutcha Tolatola, ndipo dzinali silinabwere pachabe. Osesa ena amangokankha zinyalala n'kuponya mu wilibala. Iye amaima, n'kuwerama, n'kutola kanthu, n'kukapukuta pa ovolosi, n'kumakatembenuza. Nthenga, kiyi wothyoka, gudumu la kagalimoto koseweretsa ana. Kakamusangalatsa amakaponya m'thumba, kunyumba n'kukakaika pawindo. Tsiku lina ndinamupeza atagwada pakona, tsache lili pansi, akuyang'ana matimati amene anamera mumng'alu wa simenti.

"Alamu, taonani uyu," anatero. "Palibe anamubzala, palibe amamuthirira, koma wachita maluwa. Inu ndi dimba lanu lonse lija mwakolola chiyani?"

"Dzukani apo, anthu akukuonani," ndinatero.

"Andione. Mwina aona ndi matimati omwe."

Munthu wake ndi ameneyo. Nsapato zake n'zakutha, ntchito yake ndi ya fumbi, koma sindinamuonepo akuweruka wopanda nkhani.

Mlongo wanga anali telala, makina ake ankakhala pakhonde. Zotolatola za mwamuna wake ankadana nazo. Ankati nyumba yake si dzala, ndipo Loweruka ankasesa zonse za pawindo, mwamuna n'kuyambiranso Lolemba. Kenako matenda a shuga anamudya maso. Anayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano, kenako kusokoneza nsalu yakuda ndi yobiriwira, mpaka kunangotsala mdima. Makina tinawalowetsa m'nyumba n'kuwaphimba. Iye anagona pabedi, nkhope kukhoma. Sankatuluka ngakhale kukaothera dzuwa pakhomo, ankati sakufuna kuti anthu amene ankawasokera amuone akupapasa makoma. Chakudya ankangolawa. Achibale ankabwera ndi mawu olimbikitsa, iye n'kungoti "zikomo" wothamangitsira alendo uja. Inenso ndinayesa. Ndinamuuza kuti si iye woyamba kuchita khungu. Zinali zoona, koma sizinamudzutse.

Chimene chinamutsegula pakamwa ndi batani. Ndinalipo masana amenewo. Mlamu ataweruka anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kumuika kanthu m'dzanja.

"Mayi, lero ndatola ndalama yakunja. Umphawi watha."

Ndinaona zala za mlongo wanga zikuyenda.

"Ndalama ili ndi mabowo anayi?" anatero.

"Zakunja zimatero. Amazimanga pachingwe kuopa akuba."

"Bodza. Ili ndi batani la jekete ya amuna. Ndipo silinagwe lokha, mwini wake ndi wamimba. Ulusi watsalawu unaduka mokokedwa."

"Ha! Ndiye ndi bwana wogulitsa matayala uja. Ndikamubwezera, ndikamuuzenso kuti achepetse kudya."

Mlongo wanga anaseka kudzera m'mphuno, pang'ono chabe, n'kutembenukiranso kukhoma. Koma batanilo sanabweze.

Kuyambira pamenepo mlamu ankabwera ndi kanthu kamodzi tsiku lililonse, ndi bodza lake pamwamba. Chigoba cha nkhono ankati ndi khutu la chidole. Mutu wa zipi ankati ndi dzino lachitsulo la munthu wolemera. Mlongo wanga ankapapasa, kununkhiza, nthawi zina kugogoda pa dzino, kenako n'kumutsutsa. Ine bodza ndimadana nalo, choncho ndinamuitanira panja.

"Alamu, munthu sakuona, inu n'kumamunamiza?"

"Ndikamuuza zoona ayankha chiyani? Angoti 'oo'. Koma ndikanama amadzuka kuti andikonze. Mlongo wanuyu sangagone wina akulakwitsa. Ndi magazi a kwanu amenewo."

Pamenepo sananame.

Komabe pakhomo sankatuluka, ndipo thupi linkangotha. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito m'sitolo kutauni ina yakutali, atabwera n'kuona mikono ya mayi ake, analira. Kenako anabwera kwanga.

"Amalume, mwezi ukatha ndibwera ndi galimoto kudzawatenga amayi. Ababa amachoka m'mawa, amayi amatsala okha mpaka masana. Atagwa, angawadzutse ndani? Sakudya, sakuyenda. Mabatani si mankhwala."

Mwanayo sankalakwa, ndipo ndinamuvomereza. Koma nyumba yake ndi yaing'ono, mayi akanakagona ndi adzukulu, malo a bambo panalibe. Ntchito yosesa nayonso siyenda ndi munthu. Ndiye kuti anthu awiri amene sanasiyanepo chikwatiranire anali oti asiyana. Titamuuza mlongo wanga anangoti, "Kulikonse mdima ndi womwewu. Nditengeni." Mlamu anati, "Mwana akunena zoona," n'kutuluka kukakonza tsache limene silinali lowonongeka.

Mlungu womwewo kunagwa mvula yamphamvu, ngalande zinatsekeka, ndipo osesa anawatuma kukafukula matope. M'matopemo ndi mmene mlamu anatola kachitsulo kaja. Kanali kotalika ngati chala chachikulu, kachikasu, kolemera kuposa maonekedwe ake. Mbali imodzi kanali ndi bowo, mbali inayo timizere tozungulira, ndipo ukakagwedeza munkalira kanthu mkati ngati kamwala. Anakatsuka n'kukamuika mkazi wake m'dzanja.

"Lero simunama?" mlongo wanga anafunsa.

"Bodza landithera, mayi. Sindikukadziwa."

Anakapapasa tsiku lonse. Mawa lake ndinamupeza atakhala tsonga, akukagwedeza pafupi ndi khutu.

"Achimwene, inu mwamanga nyumba zambiri. Ndi kachiyani aka?"

Ndinakayang'ana bwinobwino. "Si ka pachitseko, si ka pawindo, si ka padenga. Kupitirira apo sindidziwa."

"Amuna awiri a maso awiriawiri," anatero, "koma palibe chimene mukuona."

Mlamu anati akatenge akafunse wokonza njinga wa pamphambano. Mlongo wanga anafumbata dzanja.

"Mukakataya. Ndiponso inu mukabwera ndi bodza. Akakuuzani china, inu mudzandiuza china."

"Ndiye tiyeni mukadzimvere nokha."

Ine ndinkayembekezera kuti atembenukira kukhoma, ndipo anatembenukadi. Koma ndinachita kumva kuti tsiku lotsatira, mlamu ataweruka, anamupeza atavala diresi lake la kutchalitchi, akufunsa kumene anaika nsapato zake.

Ulendo woyambawo ndinawatsatira pambuyo. Mlongo wanga anagwira chigongono cha mwamuna wake, mutu uli pansi, akukoka mapazi. Anthu ankayang'ana, n'zoona, ndipo ena ankanong'onezana. Atayenda pang'ono phazi lake linagunda mwala.

"Msewu uno amasesa ndani?" anafunsa.

"Mbali ino ndi ya mnzanga."

"Bodza. Ndi yanu. Manyazi mulibe."

Wokonza njinga anapukuta manja, n'kupereka moni mwaulemu, n'kukayang'ana kachitsuloko. Anati ndi vavu ya tayala la galimoto yaikulu.

"Mpweya ungadutse pati?" anatero mlongo wanga. "Bowo lake silitulukira. Ndauzira kale."

"Ndiye amayi mwandiposa. Kafunseni wa mipope."

Wa mipope anali atapita kuntchito, choncho anabwerera. Tsiku limenelo mlongo wanga atafika kunyumba analira, nati sadzatulukanso. Sindibisa zimenezi. Koma anamwa tiyi ndi buledi n'kupempha wina, ndipo mawa lake anavalanso nsapato.

Wa mipope anati ndi ka mkati mwa mpopi wakale. Mlongo wanga anamufunsa kuti nanga mazinga omangira ali kuti, iye n'kukanda mutu. Wokonza mawailesi anati si ka magetsi. Wodula makiyi anati mwina ndi ka loko wa sefa yosungira ndalama, koma anavomera yekha kuti sefa sanatsegulepo. Wometa, amene palibe anamufunsa, anati ndi chipolopolo, anthu n'kubalalika, mpaka mlonda wa pabanki, amene anakhalapo msilikali, anati chipolopolo chotero chingaphe mwini mfuti. Nkhani inafala mumsewu monse. Anthu amene poyamba ankanong'ona tsopano ankafuula ali patali kuti, "Amayi, kapezeka?" Iye ankayankha kuti, "Mukanakhala ndi nzeru mukanandiuza ndinu."

Panjira mlamu sankasiya khalidwe lake. Ankamuimitsa kuti agwire khungwa la mtengo, kapena amve mmene njiwa za padenga la sitolo zikukanganirana. Tsiku lina mayi wina amene ankasoketsa kwa iye kale anamugwiritsa nsalu imene anagula, kufunsa ngati ili yabwino. Mlongo wanga anaitikita pakati pa zala nati, "Mukaichape kaye musanadule, ifupika." Madzulo ake anandifotokozera zimenezi kawiri.

Mwezi unatha. Mwana uja anafika ndi galimoto ya mnzake wa kuntchito, ndi sutikesi yopanda kanthu yoti alongezemo zovala za mayi ake. Anapeza loko pachitseko, n'kuthamangira kwanga nkhope itasintha.

"Amalume, amayi ali kuchipatala?"

"Ali kwa wowotcherera zitsulo. Tiye."

Tinawapeza kumeneko. Mlongo wanga anali atakhala pa mpando wa galimoto wakale, wowotcherera atakweza magalasi ake pamphumi, anthu ena atazungulira. Wowotchererayo ankati angokadula pakati kuti aone zimene zili mkati.

"Mudule chala chanu," anatero mlongo wanga. "Munthu akakufunsani dzina la mwana, mumamung'amba mimba?"

Anthu anaseka. Mwana uja anangoima, kukamwa kuli yasa.

"Amayi?"

"Wafika? Bwera kuno, iwe unapita kusukulu. Tandiuza aka."

Mwanayo anagwada pafupi ndi mayi ake, n'kukalandira, n'kukatembenuza. Kenako anatulutsa foni.

"Izi n'zosavuta, amayi. Ndingokajambula, foni indiuza pompano."

Ndinayang'ana mlamu. Anali ataimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja, ndipo nkhope yake inagwa ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro. Mwanayo anajambula, n'kudinadina, n'kuwerenga. Ndinaona milomo yake ikuyenda, ndipo ndinadziwa kuti wapeza yankho. Anakweza maso, n'kuyang'ana bambo ake, n'kuyang'ana mapazi a mayi ake amene anali mbuu ndi fumbi la mumsewu. Anaibweza foni m'chikwama.

"Nayonso sikudziwa," anatero.

"Wanama," anatero mlongo wanga. "Mawu ako akwera ngati a bambo ako. Koma usandiuze. Sitinafike kwa wokonza mawotchi, ndiponso akuti kuseri kwa msika kuli mkulu wina amene ankagwira ntchito m'sitima. Ndikufuna ndimve mabodza awo onse."

Pobwerera mwanayo anatsalira m'mbuyo ndi ine, makolo ake ali patsogolo, akukangana za njira yachidule.

"Amalume, inu simunama. Ndiwasiye?"

Ndinamuuza zonse. Maso sabwerera. M'mawa amakhalabe yekha, ndipo masiku ena amadzuka wosafuna kulankhula ndi munthu. Koma akudya, akuyenda, ndipo dzulo lake anatuma mwamuna wake kuti avundukule makina awathire mafuta, ati angachite dzimbiri. Ndinati, "Ukamutenga ukamusamala bwino, sindikukayika. Koma kumeneko akakangana ndi ndani?"

Tinayenda mpaka pakhomo. Mwanayo atalowa anakhazika bambo ake pansi ngati mwana wasukulu. Anati tsiku la kuchipatala lisadumphidwe ngakhale kugwe mvula, mankhwala azimwedwa bambo asanapite kuntchito, ndipo amalume azidzasuzumira m'mawa uliwonse. Anati akamva kuti amayi abwerera kukhoma, abwera osachenjeza.

"Ndamva, mayi," anatero mlamu, ndipo kanali koyamba kumuona akusowa nthabwala. Anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. Sindinamutsatire.

Sutikesi inabwerera yopanda kanthu. Ine tsopano ndimapita m'mawa uliwonse monga anandilamulira, ndipo nthawi zambiri ndimapeza mlongo wanga ali pakhonde, akundiuza kuti ndachedwa. Wokonza mawotchi anati si ka wotchi. Mkulu wa m'sitima uja akudwala, ndiye tikumuyembekeza kuti achire. Mdzukulu wanga wina anandiuza kuti ndingoimbira foni mwana uja andiuze mwachinsinsi, popeza ndine munthu wokonda kudziwa zoona zake. Ndinakana. Ndikadziwa, mlongo wanga adzandifunsa, ndipo ine sindingathe kumubisira.