Kachingwe Kakuda ka Amai Elina

Amai Elina anabadwira ku Mphuka, m'banja la asodzi, ndipo sukulu anailekera panjira chaka chimene Zambezi anakokolola munda wa bambo awo. Ntchito ya kuchipatala anaiyamba ndi tsache. Anasesa pabwalo, kenako m'mawodi, mpaka sisitala wina anaona katsukidwe kawo ka mabeseni n'kuwatengera ku fiyeta, chipinda cha maopaleshoni. Kumeneko anakhazikika. Ankatsuka timipeni, masizasi ndi zopanira, kuziphika m'makina a nthunzi, n'kuziyala dokotala asanalowe. Antchito akachepa, ndipo ankachepa kawirikawiri, ankathandizanso kumanga mabala. Sanali munthu wa mawu ambiri.

Mwamuna wawo, Adriano, anali wa kutsidya, ku Zumbo, ndipo ankachita malonda a nsomba. Anafera pamene Luangwa amathira mu Zambezi, mvuu itagubuduza bwato. Anakamuika kwawo. Pochoka kumanda, mkulu wake wa malemu, Zeca, anapota ulusi wakuda n'kuumanga pa mkono wa Amai Elina monga amachitira pa banja lawo. Anati kachingweko sikavulidwa posamba ngakhale pogona. Adzakadula iye mwini pa tsiku la bona, chaka chikatha, mowa wotsazikira malemu utaphikidwa. Mkazi wodula yekha ndiye kuti wakana mwamuna wake ali m'manda.

Lamulo la fiyeta Amai Elina ankalidziwa ngati Atate Wathu: mphete ayi, wotchi ayi, chibangili ayi. Koma kachingwe ka maliro sanakawerengere pa zimenezo. M'mawa uliwonse ankakakwezera kumtunda kwa mkono, n'kukamata ndi pulasitala, mtima uli m'malo kuti akatsekera. Anzawo onse ankaona, ndipo ankadziwa chimene chinali pansi pa pulasitalayo. Koma ndani wa kuno angauze namfedwa kuti vula? Aliyense ankangoyang'ana kumbali.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala, kuja kumene ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala pansi pa nkhokwe. Thukuta linkadikha pansi pa pulasitala, khungu linayamba kuyabwa, kenako kunyeka n'kumatuluka timadzi. Amai Elina ankangosintha pulasitala. M'masabata omwewo mabala a odwala anayamba kuvuta. Mayi amabereka bwino mwa opaleshoni, amadya, amayamwitsa, koma pakapita masiku thupi limatentha, ulusi wosokera umamasuka, bala limatuluka mafinya. Zitachitika kwa mmodzi anati ndi tsoka. Zitafika kwa angapo, m'mudzi munayamba manong'onong'o akuti mu fiyeta mwalowa chinthu, ndipo amayi ena apakati anayamba kuberekera kunyumba.

Amene anadwala kwambiri anali Annet, mtsikana wa ku Mburuma, wa mimba yoyamba. Bala lake analimanga ndi Amai Elina, ndipo iye ankawatchula kuti ambuya. Mafinya analowerera mkati. Anamubwezera ku fiyeta, ndipo kuti apulumutse moyo wake dokotala anamuchotsa chiberekero.

Akuluakulu anatseka fiyeta n'kuitanitsa thandizo. Kunabwera mayi wina wa ku labu yoyezera matenda ku Lusaka, dzina lake Wendy, atanyamula bokosi la timitengo tathonje ndi timabotolo. Anapukuta paliponse: thebulo, nyali, zogwirira zitseko, mipopi, thanki ya madzi, makina a nthunzi. Anapukutanso m'mphuno ndi m'manja mwa wantchito aliyense, kuyambira dokotala. Zotsatira zitabwera zinaonetsa kuti m'mabala onse muli kachilombo ka mtundu umodzi, koma kochokera sikanaoneke. Ndiye Wendy anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi sinki. Anapempha kuti aliyense asambe m'manja monga amachitira masiku onse, iye azingoonerera.

Itafika nthawi ya Amai Elina, anasamba mosamala ngati kale, madzi akulambalala pulasitala. Wendy anadikira kuti ena atuluke, n'kufunsa mwaulemu ngati angaone pansi pake. Anaona kachingwe konyowa ndi khungu lonyeka. Sanakalipe. Anapukuta ndi kathonje, n'kufunsa kuti anamwalira ndani.

Yankho la ku labu linafanana ndi la m'mabala. Wendy anauza Amai Elina ali awiri. Anati chilondacho chichira ndi mankhwala, koma kachingwe kakakhala pomwepo tizilombo tidzabwerera, ndipo fiyeta singawalandire. Akanatha kubwerera ku tsache mpaka bona litachitika. Komabe wina wodziwa kuphika zida panalibe, ndipo wophunzira watsopano akanatenga miyezi, amayi akutumizidwa kutali pa msewu woipa.

Amai Elina anapita ku wodi, nakaima pakhomo. Annet anali chigonere, khanda lili pambali. Anawaona n'kumwetulira, nawafunsa chifukwa chake masiku ano sabwera kudzamumanga bala. Iwo anangoti ayamba apita kutsidya.

Atawoloka, anamupeza Zeca pa dooko akuyanika nsomba. Anamva nkhani yonse osasiya ntchito, kenako anaseka pang'ono.

"Chaka sichinathe, mlamu, mwatopa kale? Mwamuna watsopanoyo ndani, wa ambulansi?"

"Alamu, musatero. Mwana wa eni wachotsedwa chiberekero chifukwa cha mkono uwu."

"Tizilomboto munationa ndi maso anu? Amai athu anavala chaka chathunthu, akukanda ufa ndi manja omwewo. Tinafa ife?"

"Amai sankagwira m'mimba mwa anthu."

Zeca anatembenuza nsomba ina, nkhope itasintha. Anati iye si mwini mwambo, anaupeza. Mapira sanakhwime, mowa palibe, abale a kutali sanaitanidwe. Akadula lero, adzayankha chiyani mng'ono wake akamadzafunsa m'maloto a ana? Amai Elina anapempha kuti amasule ulusiwo n'kuusunga iyeyo mpaka tsikulo. Anakana. Anapempha kuti aumange pa chinthu china cha m'nyumba mwawo. Zeca anati amene anakwatiwa ndi Adriano si mtondo.

"Manje mverani, mlamu. Mukadula nokha, sindidzakutembererani. Koma pa manda paja musadzapondepo."

Pobwerera bwato linadutsa pomwe madzi awiri amakumana, ofiira ndi obiriwira. Ndi pamene Adriano anafera.

Mawa lake Amai Elina anafika kuchipatala atavala chitenje chawo chakutchalitchi. Wendy anatenga sizasi kuti awathandize, koma iwo anakana. Anati mlendo asasenze mlandu wa eni. Anapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera, n'kudula okha. Kachingweko anakaika m'kabotolo, Wendy n'kutseka.

Anakhala kunyumba akumwa mankhwala ndi kupaka mpaka khungu linauma. Fiyeta inatsukidwa kuyambira kudenga, ndipo sisitala wamkulu anayamba kuyang'ana mikono ya aliyense pakhomo, mpaka m'zigongono, ngakhale ya dokotala. Atawapimanso n'kupeza kuti tizilombo tatha, Amai Elina anabwerera pa ntchito. Mabala anayambanso kupola. Annet anatuluka, nakwera lole ya makala kubwerera ku Mburuma ndi mwana wake mmodzi yekhayo. Asananyamuke, Amai Elina anamufotokozera zonse. Mtsikanayo anamvetsera, maso ali pa khanda. Sanawatchulenso ambuya.

Kumsika anthu amanena zosiyana. Ena amati anachita bwino, ena amati ntchito ya boma inawakomera kuposa mwamuna. Amai Elina nsomba amagula kwa amalonda a tsidya lino.

Bona la Adriano linachitika atakolola mapira. Uthenga sunawafike, anangomva kwa opalasa mabwato kuti ndi Loweruka. Tsikulo anali pa ntchito, chifukwa kunabwera mayi wa ku Mphuka amene mwana anapingasa m'mimba. Mphepo inkachokera kutsidya, ndipo ng'oma zinkamveka ndithu masana onse, ngakhale mawindo anali otseka. Nesi wina anawauza kuti akhoza kukapuma panja, iye awagwirira. Amai Elina anapukusa mutu, nasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuyamba kuyala zida.