Jeki mu wilibala, kuchokera ku Bangwe mpaka ku Limbe

Anthu inu a pakiliniki ya ziweto ija ya ku Limbe, mwandipweteka mtima. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha.

Galu wanga Jeki anasiya kudya Lamlungu. Nkhama zinayera, mkodzo wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Aneba anga a Nachisale, amene anawetapo agalu, anangomuona n'kunena kuti ndi matenda a nkhupakupa, akachedwa jakisoni apita. Ine ndimakhala ndekha. Jeki ndiye wandilondera zaka zisanu ndi chimodzi.

Lolemba 7:30 ndinali pakhomo panu, wopanda galu. Mtsikana wa pakauntala, maso ali pafoni, akuti sapereka mankhwala galu asanamuone. Chabwino. Nanga dokotala sangabwere kunyumba? Akuti ku Bangwe safikako, msewu umawononga galimoto. Kodi ife timakhala kumwezi?

Lachiwiri ndinayesa minibasi. Makondakitala atatu anandikana. Wina mpaka anati, "Mayi, galu wodwala m'galimoto? Mukufuna atilume anthu tonse?" Wa kabaza anangoseka n'kunyamuka. Ndinabwereka wilibala kwa a Nachisale, ndikuyalamo chitenje, ndikumugoneka Jeki. Maola awiri ndikukankha, anthu akundiloza ngati wamisala.

Ndinafika 9:10. K15,000 yoonana ndi dokotala munalandira msangamsanga, apo simunachedwe. Kenako akuti dikirani, adokotala apita kukabaya nkhuku kufamu. Ndinadikira. 12 koloko, akuti ndi lanchi. Jeki ali padzuwa, poti akuti wilibala isakwere pakhonde, idetsa matailosi.

1:40 kunatuluka bambo wovala gawuni yoyera. Anaima patali, manja m'thumba. Akuti khadi la katemera wa chiwewe lili kuti? Ndinawauza kuti Jeki anabayidwa pabwalo la sukulu, ulendo uja ankabaya agalu onse n'kuwapaka penti pamphumi, koma khadilo linanyowa ndi mvula mpaka kusungunuka. Akuti penti si khadi, galu wopanda khadi salowa. Ndinati ndiye mubayeni katemera wina tsopano, mundipatse khadi latsopano. Akuti galu wodwala sabayidwa katemera, ayambe wachira.

Mwamva? Kuti achire afunika khadi, kuti apeze khadi afunika achire. Ndipite kuti ine?

Ndinagwada, ine mayi wamkulu, chifukwa cha galu. Ndinati abambo, mungomuona pomwe pano panja, jakisoni mmodzi yekha. Akuti malamulo sanaike ndi iwo. Analowa, n'kutseka chitseko.

Ndinatembenuza wilibala. Tisanafike pamsika wa Bangwe ndinamva kuti yasiya kugwedera, Jeki wasiya kupuma. Sindinaime, ndinalibe poimira. Ndinangokankhabe mpaka kunyumba, misozi ili chuchuchu.

Tandiyankhani: lamulo la khadilo bwanji simunandiuze Lolemba, ndili pakauntala panu? Bwanji simunandiuze 9:10, musanalandire ndalama? Amene muli ndi agalu ndi amphaka, khadi lija likulungeni m'pulasitiki, chifukwa pamenepaja amachiza pepala. Lero m'mawa ndatsegula chitseko, pakhonde palibe wondigwedezera mchira.