Amayi a Lezala ndi Mtengo Umene Ankaopa Kuucheka

Abambo mfumu atandipempha kuti ndilembe mbiri ya apongozi anga m'kalata ya parishi ino, ndinawakanira kawiri konse. Ine ndine wometa tsitsi, dzanja langa linazolowera sizasi, osati cholembera. Koma mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lija ndimalidziwa, n'kunena kuti ngati pali munthu amene ali ndi mlandu m'nkhani imeneyi ndi ine, ndiye ndiilembe ndekha. Choncho pepani abale, lero muwerenga za wometa.

Ambiri a inu munkawatchula kuti Amayi a Lezala. Dzinali linabwera chifukwa cha lezala limene linkakhala m'buku lawo la mapemphero, lokulungidwa m'kapepala. Ena ankati n'lowengera zikhadabo. Ayi ndithu, linali lomezanitsira mitengo.

Anabadwa m'banja la munthu wosamalira munda wa zipatso pa nyumba ina yaikulu. Anali mwana wamantha osasimbika. Agalu ankawaopa, mphenzi ankaziopa, ngakhale nkhuku yofungatira ankailambalala patali. Amayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo sankalola kutsala okha m'nyumba. Ankatsatira bambo awo kumunda tsiku lililonse, ndipo n'kumene anaudziwira mtengo wa cherimoya, m'bale wake wa mpoza, wa zipatso zobiriwira kunja koma zoyera ndi zofewa mkati, zoti umadya ndi supuni.

Bambo awo anawaphunzitsa kuti njere ilibe chilungamo: ukaidzala imakupatsa mtengo umene yafuna yokha. Ukafuna chipatso chenicheni cha mtengo umene waukonda, umadula kanthambi kake, n'kukasongola mbali ziwiri, n'kung'amba mbande pakati, n'kukalowetsamo kuti khungwa likumane ndi khungwa. Ukatero umamanga zolimba n'kuchokapo. Masabata anayi osakhudza, osasuzumira.

Atakula anakwatiwa ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, mtsikana amene lero ndi mkazi wanga, ndi mnyamata. Ana adakali kupulayimale, apongozi anga aamuna anagwa kuchokera pakhoma lalitali n'kuthyoka msana. Anagona zaka zinayi. Amayi ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, ndipo mkazi wanga akuti sanawamvepo akudandaula, kupatula kuti nthawi zonse akamawanyamula milomo inkakhala ikuyenda, akupemphera kuti asawagwetse.

Atawaika m'manda amuna awo, analowa m'gulu la amayi oyendera odwala, ndipo anakhalamo zaka makumi atatu. Apa m'pamene anthu sankawamvetsa, chifukwa chipatala ankachiopa kuposa galu. Anzawo a m'gulumo amasimba kuti akafika pageti ankaima, n'kugwira kolona, n'kupuma kwambiri, kenako n'kunena kuti, "Ndikuopa, koma tiyeni." Lachitatu lililonse mawu awo anali omwewo, mpaka anzawo ankawatsanzira powaseka. Koma wodwala akayamba kutsirizika, achibale atathawira pakhonde, amene ankatsala pambali pa bedi atagwira dzanja anali iwowo, thupi lonse likunjenjemera.

Za mitengo ndiye musachite kufunsa. Banja lililonse lobatizitsa mwana linkalandira mbande ya cherimoya yomezanitsa kale. Mukayenda mumsewu wathu lero, mitengo imene ikusuzumira pamwamba pa mipanda yambiri ndi ya dzanja lawo. Ine tsiku limene ndinakaonekera kwawo koyamba, nditavala jekete yobwereka, nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anangoyang'ana manja anga pamene ndinkalandira kapu ya madzi, ndipo pambuyo pake anauza mwana wawo kuti mwamunayu kaya ali ndi nzeru kaya alibe, koma manja ake sanjenjemera.

Mlamu wanga, mnyamata uja, anatengera amayi ake, ndipo anapeza ntchito ku nazale ya mitengo. Tsiku lina anabwera ndi kanthambi kokulungidwa m'nyuzipepala yonyowa. Anati ndi atemoya, mtengo umene akatswiri anaupeza pokwatitsa cherimoya ndi m'bale wake wina, wotsekemera kuposa makolo ake onse awiri. Anakamezanitsa yekha kuseri kwa khitchini, ndi lezala la amayi ake, iwo atamugwirira mbande. Kanagwira. Chaka chisanathe mlamu wanga anadwala mutu, ndipo patangopita masabata atatu tinamuika m'manda, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chipatso cha mtengo wake sanachilawe.

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa iwo eni anandiuza kuti ndisawabisire. Zipatso za mtengo umenewo ankagawa mosaumira, zambiri zinkapita kuchipatala m'dengu. Koma nthambi, ayi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi lezala silinaukhudze. Aphunzitsi opuma a m'gulu lathu la olima zipatso pakhomo anapempha kanthambi kamodzi kokha, osati kamodzi kapena kawiri, koma yankho linali lakuti chaka chamawa. Ena anaba njere n'kukadzala, n'kukolola tizipatso tolimba todzaza nthanga. Ine ndinkang'ung'udza kumbali kuti munthu wogawira mzinda wonse akukanika bwanji kamtengo kotalika ngati chala. Mayi a kunyumba ankangoti nditseke pakamwa.

Zaka ziwiri zapitazo mvula inagwa yoopsa, ngalande inatsekeka, ndipo madzi anaima kuseri kwa khitchini kwa masabata. Dzinja litatha, masamba a mbali imodzi anayamba kuchita chikasu. Patsinde khungwa linada, ukalikanda ndi chikhadabo linkangosendeka, fungo lake ngati chinangwa chovunda. Alangizi a zaulimi atabwera anangopukusa mutu. Anati mizu yaola, mtengowo suona mvula ina, ndipo nthambi zamoyo zatsala ziwiri zokha. Nthawi imeneyo n'kuti manja a amayi atayamba kale kunjenjemera moti tiyi ankamwera m'kapu yosadzaza.

Mawa lake masana ndili pakati pometa munthu, ndinaona pagalasi apongozi anga akulowa m'shopu. Chikwatire ine anali asanapondemo. Anakhala pabenchi pakati pa azibambo odikira, ndipo nkhani za mpira zinangoti zii.

"Akamwini, ndachimwa," anatero anthu onse akumva. "Mtengo wa mwana wanga ndinauopa kuucheka, ndiye taonani ukufa wokha, wopanda mwana. Manja anga atha. Ndibwerekeni anu."

Tinayamba ndi kupulula masamba a nthambi ziwiri zija, chifukwa mitengo ya mtundu umenewu maso ake ophukira amabisala pansi pa phesi la tsamba, ndipo umadikira masiku khumi kuti atupe usanadule. Masiku khumi amenewo sindidzawaiwala. M'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu ndinkadutsa kukaona, mtima uli m'mwamba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi nthambi imodzi inauma. Yotsalayo inatipatsa tinthambi tisanu ndi kamodzi, basi.

Ine ndameta makosi a apolisi ndi lezala popanda kuphethira, koma tsiku limenelo thukuta linali kamukamu. Amayi anakhala pampando pakhonde, mbande zisanu ndi imodzi za cherimoya zili m'machubu patsogolo pawo. Ankandiuza kuti ndicheke kamodzi kokha, osabwereza, ndiponso ndisagwire pochekapo ndi chala. Ndikalowetsa kanthambi ankawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, kuona ngati makungwa akumana. Ndinamanga ndi timizere ta pulasitiki, tinaveka mbande iliyonse kathumba, tinaziika pamthunzi. Anapemphera Atate Athu, kenako anandiloza ndi chala n'kunena kuti masabata anayi, ndisamasule.

Patangotha sabata imodzi anagwa m'bafa, ndipo tinathamangira nawo kuchipatala chija ankachiopa. Madokotala anati mtima watopa. Sabata yachiwiri mtengo wa mlamu wanga unayoyola masamba onse n'kuuma gwa. Zonse zimene zinatsala za mtengowo zinali timitengo tija pakhonde, tosaonetsa kuti tili moyo kapena tafa. Ndikalowa m'wodi sankandifunsa ndi pakamwa, ankangondiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Kenako dokotala anauza mkazi wanga kuti aitane achibale.

Mantha ndi oipa, abale anga. Ndinkaopa kuti amayi apita asanamve kuti mtengo wa mwana wawo wapulumuka. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi ndinatseka shopu dzuwa lili paliwombo, ndinapita pakhonde paja, n'kudziuza kuti ndingosuzumira kamodzi kokha. Ndinamasula mbande imodzi. Pachilondapo panali tinthu toyera tofewa, ndiye ndinati ndigwedeze pang'ono ndione ngati kanthambiko kalimba. Kanasuntha. M'malo moleka, mutu unangozungulira, ndinati mwina inayo, mwina inayo. Mkazi wanga, amene anabwera kudzatenga zovala za amayi ake, anandipeza nditamasula zisanu, dzanja lili pa yachisanu ndi chimodzi. Sanakalipe. Anangondigwira pamkono n'kundichotsapo, ndipo kukalipa kukanakhala bwino.

Ndinamanganso, koma patapita masiku anayi tinthambi tisanu tija tinada bii. Pa mbande imodzi mwa zomwezo panatuluka kamphukira kobiriwira, ndipo ine chitsiru ndinathamanga mpaka kuchipatala kukanena kuti kwaphuka. Amayi anatsegula maso.

"Pamwamba pa pomanga, kapena pansi?"

Kanali pansi. Inali cherimoya ya mbande ija ikudziphukira yokha. Ndinagwada pambali pa bedi, bambo wa imvi zanga, n'kuulula zonse. Ndinkayembekezera kuti atembenukira kukhoma. Koma anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, namwino n'kubwera kudzationa. Atapuma anandiuza kuti iwo ali ndi zaka khumi anamasula mzere wonse wa bambo awo, mbande makumi awiri, ndipo anabisala m'chimbudzi mpaka madzulo. Anafunsa kuti zatsala zingati, ndinati imodzi.

"Imeneyo muileke. Ikagwira, musadzachite zanga. Mudzaucheke mtengowo, mugawire aliyense wopempha."

"Nanga ikapanda kugwira, amayi?"

Anayendetsa kolona m'zala. "Mwana wanga sali mumtengo, akamwini. Ndazidziwa mochedwa, koma ndazidziwa."

Abambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala Lachiwiri. Lachitatu m'mawa, tsiku lawo loyendera odwala, amayi a gulu lija anabwera n'kuzungulira bedi, akuimba chapansipansi. Mmodzi wa iwo, mnzawo wa zaka makumi atatu, anawerama n'kuwafunsa ngati akuopa. Anamwetulira n'kuyankha kuti, "Lero ayi." Nyimbo isanathe anali atapita, mwakachetechete ngati munthu wogona atatopa ndi kumunda. Linali tsiku la makumi awiri ndi asanu chimezanitsireni, ndipo anapita osadziwa ngati mtengo wa mwana wawo uli moyo.

Masabata anayi anakwana maliro atatha, koma kanthambi kaja kanali chimodzimodzi, kosada, kosaphuka. Ndinkayenda manja ndili nawo m'thumba ndikamadutsa pakhondepo, chifukwa sindinkadzikhulupirira. Chakudya sichinkalowa. Kasitomala wina ndinamudula khutu, koyamba m'moyo wanga. Tsiku la makumi atatu ndi atatu m'mawa ndinaona kanthu kobiriwira m'kathumba muja, kochepa ngati njere ya mpunga. Sindinayandikire. Ndinaitana mkazi wanga kuti akaone ndiye, ine nditaima patali. Anawerama nthawi yaitali, ndipo atadzuka misozi inali mbwembwembwe. Anati pamwamba.

Umenewo ndiwo moyo wa Amayi a Lezala monga ndinauonera ine. Sanali munthu wolimba mtima, ndipo akanamva wina akuwatchula choncho akanamuseka. Mulungu sanawachotsere mantha, koma palibe Lachitatu limene anabwerera pageti la chipatala. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Mtengo uja tinaudzala pamalo okwera, kutali ndi ngalande, ndipo lero wandipitirira paphewa. Nthambi zake zafika pa unenepa wa pensulo. Lachinayi lapitali ndapulula masamba a nthambi zinayi, ndiye Lamulungu likudzalo maso adzakhala atatupa. Misa yachiwiri ikadzatha, aliyense amene ali ndi mbande ya cherimoya abwere nayo kunyumba kwa malemu. Aphunzitsi, inu mudzakhala oyamba, mwadikira zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Lezala ndagula latsopano, ndaliika m'buku lawo lija. Dzulo ndinaima pa mtengowo nthawi yaitali ndikuyang'ana pamene ndidzacheke, ndipo manja amene amayi anawayamikira aja anayamba kunjenjemera. Wochokera ku mtengo wa mlamu wanga ndi umodzi wokha padziko lonse, ndipo ndinatsala pang'ono kuupha kale.

Ndikuopa, koma tiyeni.